Makina Osaomba Magetsi Amene Aphunzitsa Anthu Kudzutsa Mtima Woima

Pa 12 June 2021, pa bwalo la Parken mu mzinda wa Copenhagen, katswiri wa mpira wa miyendo wa dziko la Denmark, Christian Eriksen, anagwa pansi popanda wina womukhudza pamene timu yake inali kusewera ndi ya Finland. Mtima wake unali utaleka kupopa magazi. Madotolo anathamangira m'bwalo nayamba kumukanikiza pacifuwa, ndipo anamuomba kamodzi ndi mphamvu ya magetsi yocokera m'makina ochedwa defibrillator. Anatuluka m'bwalomo ali moyo, ndipo mu February 2022 anayambanso kusewera mpira mu timu ya Brentford ku England.

Si onse amene amakhala ndi mwai wotere. Okonda mpira m'dziko lino akumbukira malemu Chaswe Nsofwa, amene anasewerako mu timu ya Chipolopolo. Iye anagwa pa 29 August 2007 pa masewera okonzekera a timu ya Hapoel Be'er Sheva ku Israel, ndipo anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 28, ngakhale kuti opereka cithandizo anayesetsa kumudzutsa. Zaka zinai m'mbuyo mwake, pa 26 June 2003, Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa ndi kumwalira mu mzinda wa Lyon ku France pa masewera olimbana ndi Colombia.

Palibe dotolo amene angalonjeze kuti mtima uliwonse woima udzadzuka. Koma akatswiri a matenda a mtima agwirizana pa mfundo yakuti moyo wa munthu wotere uli m'manja mwa anthu amene ali naye pafupi m'mphindi zoyambirira. Bvuto ndi lakuti nchito imeneyi siingaphunziridwe pa munthu wamoyo, ndiponso tsiku la ngozi palibe mpata wowerenga malangizo. N'cifukwa cake panapangidwa zipangizo zapadera zoyesezera: makina ofanana ndi defibrillator koma opanda mphamvu yoomba munthu, ndi zidole zokhala ndi cifuwa conga ca munthu.

Cimene cimacitika mtima ukaima

Mtima uli ndi magetsi akeake. M'cipinda capamwamba ca kumanja kwa mtima muli kagulu ka maselo kamene kamatumiza timphamvu ta magetsi, kawirikawiri maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akakhala kuti wapumula. Timphamvu timeneti ndi timene timacititsa minofu ya mtima kufinyika mwadongosolo ndi kukankha magazi.

Dongosololi likasokonezeka, zipinda za m'munsi mwa mtima zimayamba kunjenjemera cabe m'malo mofinyika. Madotolo amalicha bvutoli ventricular fibrillation. Mtima umakhala ukugwedezeka koma magazi sayenda. Munthu amakomoka m'masekondi ocepa, ndipo pakapita mphindi 4 mpaka 6 ubongo umayamba kuonongeka cifukwa cosowa mpweya wa okosijeni.

Zimenezi n'zosiyana ndi matenda amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti heart attack, pamene mtsempha wopereka magazi ku mnofu wa mtima umatsekeka. Wodwala heart attack kawirikawiri amakhala ali maso, akumva ululu pacifuwa ndi kutuluka thukuta, ngakhale kuti matendawa angathe kuimitsa mtima pambuyo pake.

Nchito ya defibrillator ndi kudutsitsa mphamvu yaikulu ya magetsi mu mtima kwa kanthawi kosakwana sekondi imodzi. Mphamvuyo imaletsa cipwirikiti conseco nthawi imodzi, kuti kagulu ka maselo kaja kayambenso kulamulira kagundidwe ka mtima. Kukanikiza pacifuwa, kumene kumachedwa CPR, sikuthetsa kunjenjemerako, koma kumayendetsa magazi pang'ono kupita ku ubongo kufikira makina atafika. Motero ziwirizi zimayendera pamodzi.

Ngati palibe amene acitapo kanthu, mwai wopulumuka umatsika ndi maperesenti 7 mpaka 10 pa mphindi iliyonse. Malangizo a bungwe la European Resuscitation Council anena kuti munthu akaombedwa m'kati mwa mphindi 3 mpaka 5 atagwa, opulumuka angathe kufika pa 50 mpaka 70 mwa anthu 100 alionse. Ndi ambulansi zocepa, kulikonse pa dziko lapansi, zimene zingafike m'nthawi imeneyi.

Kucoka m'cipatala kufika kwa anthu wamba

Munthu woyamba kupulumutsidwa ndi defibrillator anali mnyamata wa zaka 14 amene Dotolo Claude Beck anali kumucita opaleshoni mu mzinda wa Cleveland ku America mu 1947. Mu 1965, Dotolo Frank Pantridge wa ku Belfast anapanga makina oti n'kunyamulidwa mu ambulansi. Makinawo anali kulemera makilogalamu 70 ndipo anali kuyendera mabatire a galimoto.

Makina amene amapacikidwa masiku ano m'mabwalo a ndeke, m'mahotela ndi m'mabwalo a masewera amachedwa AED. Ambiri amalemera makilogalamu a pakati pa 1 ndi 3. Akayatsidwa amalankhula, kuuza munthu cocita sitepe iliyonse. Amapima okha kagundidwe ka mtima kudzera m'zigamba ziwiri zomata pacifuwa, ndipo salola kuomba munthu amene mtima wake sufuna magetsi. Wogwiritsa nchito safunika kukhala dotolo kapena namwino.

Ngati makina ali osabvuta cotere, wina angafunse kuti kuyeseza n'kwa ciani. Yankho lake lili pa munthu. Amene sanagwirepo makinawa amataya nthawi kufunafuna potsegulira, amaopa kuti angaphe munthu ndi magetsi, kapena amangoima kuyembekeza kuti wina wodziwa atulukire. Makina ophunzirira anapangidwa kuti mantha ndi zolakwa zimenezi zithere m'kalasi, mmene mulibe moyo umene ungatayike.

Mmene makina ophunzirira amagwirira nchito

Makina ophunzirira amaoneka ngati AED yeniyeni. Ali ndi batani loyatsira, batani loombera, nthambo, zigamba ziwiri ndi mau olangiza ofanana ndi a makina enieni. Cimene mulibe ndi cipangizo cosunga mphamvu yaikulu ya magetsi. Wophunzira akadina batani loombera, makina amalira ndi kunena kuti aomba, koma palibe magetsi amene amatuluka. Ambiri amayendera mabatire wamba, ndipo zigamba zake zimamatidwa ndi kumatulidwa kambirimbiri, pamene za makina enieni zimagwira nchito kamodzi kokha.

Makinawa samva mtima wa munthu. M'malo mwake muli zocitika zingapo zokonzedweratu zimene mphunzitsi amasankha, nthawi zambiri pogwiritsa nchito rimoti. Pa cocitika cina makina amalamula kuomba kamodzi, wodwala nadzuka. Pa cina amalamula kuomba kangapo. Pa cinanso amanena kuti kuomba sikufunika, ndipo wophunzira ayenera kudziwa kuti mau amenewa satanthauza kuti wodwala wacira: pali mitundu ina ya kuima kwa mtima imene magetsi sathandiza, ndipo cofunika ndi kupitiriza kukanikiza pacifuwa. Mphunzitsi angacititsenso makina kudandaula kuti cigamba sicinamate bwino, kuti wodwala akugwedezeka kapena kuti batire latsala pang'ono kutha, n'colinga coona mmene wophunzira adzacitira zinthu zikapanda kuyenda bwino.

M'masukulu a madotolo ndi anamwino muli zipangizo zoposa pamenepa. Zidole zina zimatulutsa kagundidwe ka mtima kosiyanasiyana kamene kamaoneka pa sikirini ya defibrillator ya m'cipatala, ndipo zinapangidwa kuti zizitha kulandira magetsi enieni. Apa wophunzira ayenera kuwerenga yekha kagundidweko ndi kusankha ngati aombe kapena iai.

Cidole cimene cinayambira kwa wopanga zoseweretsa

Makina ophunzirira samatidwa pa munthu, amafuna cidole. Cidole coyamba cochuka, cochedwa Resusci Anne, cinatuluka mu 1960. Anacipanga ndi a Åsmund Laerdal a mu mzinda wa Stavanger ku Norway, amene nchito yao inali yopanga zoseweretsa za ana ndi pulasitiki yofewa, mothandizana ndi madotolo awiri, a Peter Safar ndi a Bjørn Lind. Poyamba cinali cophunzirira kuuzira mpweya m'kamwa. M'caka comweco akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America anafalitsa njira yokanikiza pacifuwa, ndipo pambuyo pake cidoleco cinaikidwa sipuling'i m'cifuwa kuti cizigwiranso nchito imeneyi.

Zidole za masiku ano zimauza wophunzira ngati akucita bwino. Cifuwa ca munthu wamkulu ciyenera kukanikizidwa kulowa m'kati masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndi kucisiya kuti cibwerere m'malo mwake asanakanikizenso. Pa zidole zochipa mumamveka kaphokoso kakuti khe wophunzira akafika pa kuya koyenera. Zina zili ndi timagetsi tosonyeza ngati liwiro lacepa kapena lapitirira, ndipo zina zimatumiza ziwerengero zonse pa foni ya mphunzitsi. Kuyambira mu January 2019, bungwe la American Heart Association linalamula kuti maphunziro ake onse a CPR ya anthu akuluakulu azicitika ndi zipangizo zoyankha motere, cifukwa diso la mphunzitsi palokha silingathe kupima masentimita.

Zimene wophunzira amayeseza

Phunziro limayamba cidole cili gone pansi polimba. Wophunzira amayang'ana ngati malowo ali opanda ngozi, nagwedeza mapewa a cidole ndi kuciitana mokweza. Kenaka amayang'ana cifuwa kwa masekondi osapitirira 10 kuti aone ngati pali kupuma kwabwino. Ngati palibe, amaloza munthu mmodzi kuti aimbe lamya kuitana ambulansi ndi wina kuti akatenge AED. Aphunzitsi amalimbikira pa kuloza munthu ndi cala, pakuti mau oponyedwa pa gulu aliyense amayesa kuti ndi a mnzace.

Akatero amagwada, naika cikhatho cimodzi pakati pa cifuwa ndi cina pamwamba pake, zigongono zili zoongoka, ndi kuyamba kukanikiza. Ophunzitsidwa kuuzira mpweya amakanikiza maulendo 30 ndi kuuzira kawiri. Amene sangathe kapena safuna kuuzira amangokanikiza osaleka.

Makina akafika amayatsidwa nthawi yomweyo, ndipo cifuwa cimabvulidwa ndi kupukutidwa ngati cili conyowa. Cigamba cimodzi cimamatidwa kumanja kwa wodwala, m'munsi mwa fupa locokera pakhosi kupita kuphewa. Cina cimamatidwa kumanzere, m'mbali mwa nthiti, kunsi kwa khwapa. Pamene makina akupima mtima, aliyense amacotsa manja. Akalamula kuomba, wophunzira amayang'ana kucokera kumutu mpaka kumapazi, nafuula kuti onse apatuke, kenaka n'kudina batani. Atangoomba amayambanso kukanikiza, ndipo makina amapimanso mtima mphindi ziwiri zilizonse. Kwa mwana wosakwana zaka 8 kapena makilogalamu 25 pali zigamba za ana, ndipo pa kamwana kakang'ono cimodzi cimaikidwa pacifuwa, cina kumsana.

Zolakwa zimene zimaonekera m'kalasi

Phindu lalikulu la zipangizozi ndi lakuti zimaulula zolakwa zimene munthu sakanadziwa kuti ali nazo. Ambiri sakanikiza mokwanira poopa kuthyola nthiti. Nthiti zimathyokadi nthawi zina, koma nthiti imapola, pamene ubongo wosowa magazi subwerera. Ena amaika cigamba ca kumanzere pamimba kapena pafupi kwambiri ndi cinzace, motero magetsi sakanadutsa bwino mu mtima. Enanso amaleka kukanikiza kwa nthawi yaitali pomata zigamba, kapena amakhala cete akaomba, kudikira kuti aone ngati wodwala atsegula maso. Wophunzira amazindikiranso kuti nchitoyi ndi yotopetsa, ndi kuti pakapita mphindi ziwiri ayenera kusinthana ndi mnzace.

Pali zina zimene cidole sicingaonetse, zimene mphunzitsi ayenera kufotokoza. Munthu amene mtima wake wangoima angathe kukoka mpweya mwa apo ndi apo ngati woliza mkonono, kapena kuphiriphitha kwa kanthawi. Anthu akaona zotere amayesa kuti akupuma kapena kuti ndi khunyu, nayamba kumuthira madzi, kumukupiza kapena kumuika supuni m'kamwa. Zonsezi zimadya mphindi zimene zikanamupulumutsa. Munthu wosayankha amenenso sakupuma bwinobwino ayenera kuyamba kukanikizidwa nthawi yomweyo.

Nkhani ina ndi ya amai. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu amene anagwa pagulu, amuna 45 pa 100 alionse analandira CPR kwa anthu odutsa, pamene akazi anali 39 cabe. Kwa zaka zambiri zidole zinali za cifuwa cosalala, motero ophunzira sanali kuzolowera kumata zigamba pa thupi la mkazi. Tsopano pali zidole ndi zobveka zokhala ndi mabere. M'cikhalidwe cathu n'cinthu colemera kuti mwamuna abvule cifuwa ca mai amene si mkazi wake, makamaka apongozi. M'kalasi ndi mmene anthu angakambirane zimenezi ndi kuyeseza njira yosungira ulemu, monga kuti ena aime mozungulira atatambasula citenje. Osewera a Denmark nawonso anaima mozungulira Eriksen kuti amuchinge pamene madotolo anali pa nchito.

Umboni wakuti kuyeseza kumathandiza

Mu 1999 akatswiri a mu mzinda wa Seattle ku America anafalitsa zotsatira za mayeso amene anacita pa cidole. Ana 15 a Giredi 6, amene anali asanagwirepo AED, anatenga masekondi 90 kuti aombe, pamene ogwira nchito za ambulansi anatenga masekondi 67. Ana onsewo anamata zigamba pa malo oyenera ndipo palibe amene anakhudza cidole pa nthawi yoomba.

Ku Denmark boma linalamula mu 2005 kuti ana a sukulu aziphunzira kudzutsa munthu, ndipo mu 2006 phunziroli linakhala lofunika kwa aliyense wofuna laisensi yoyendetsera galimoto. Pakati pa 2001 ndi 2010, ciwerengero ca odwala amene analandira CPR kwa anthu wamba cinakwera kucoka pa maperesenti 21 kufika pa 45, ndipo okhala ndi moyo patapita masiku 30 anakwera kucoka pa maperesenti 3.5 kufika pa 10.8. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linabvomereza pempho lakuti ana a zaka 12 kupita m'tsogolo aziphunzira nchitoyi maola awiri caka ciliconse. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Komabe luso limeneli silikhalitsa. Kafukufuku wasonyeza kuti limayamba kuzilala pakapita miyezi 3 mpaka 12 munthu atacoka m'kalasi, ngakhale kuti masatifiketi ambiri amakhala a zaka ziwiri. N'cifukwa cake akatswiri alimbikitsa kuyeseza kwa nthawi yocepa koma pafupipafupi. Malo a nchito amene ali ndi cidole ndi makina ophunzirira aoao angathe kucita zimenezi popanda kudikira mphunzitsi wocokera kutali.

Zofunika kusamala

Popeza makina ophunzirira amafanana kwambiri ndi enieni, pali ngozi yakuti munthu wothamanga angatenge olakwika. Makina ophunzirira sangapulumutse munthu. Ayenera kukhala ndi cizindikiro cooneka bwino ndi kusungidwa kutali ndi AED yeniyeni. Momwemonso zigamba zophunzirira siziyenera kupezeka m'cikwama ca makina enieni.

Ndi bwino kuti makina ophunzirira akhale a mtundu umodzi ndi AED imene ili pamalopo, cifukwa ena amayaka okha civundikiro cikatsegulidwa pamene ena amafuna kudina batani, ndipo ena amaomba okha popanda munthu kudina. Makina ambiri amene amafika kuno amalankhula Cingelezi, motero mphunzitsi ayenera kumasulira mau ake ocepawo m'Cinyanja kapena m'cinenero cina ca ophunzira kufikira atawazolowera.

Makina enieni nawonso amafuna cisamaliro. Zigamba ndi mabatire zili ndi tsiku lothera nchito, kawirikawiri pakapita zaka 2 mpaka 5, ndipo kutentha kumaumitsa ulimbo wa zigamba. Payenera kukhala munthu woikidwa kuti aziyang'ana kacizindikiro kosonyeza kuti makina ali bwino. AED yokhomeredwa mu ofesi imene kiyi wake wapita ndi mwini ofesi ilibe thandizo.

Kuno kwathu

Mu 2013 bungwe la FIFA linayamba kupereka cikwama ca cithandizo camwadzidzidzi, cokhala ndi AED, ku mabungwe a mpira a maiko onse amene ali mamembala ake. Kupima osewera kumathandizanso. Mu October 2022, Enock Mwepu analeka mpira ali ndi zaka 24 madotolo a timu ya Brighton atamupeza ndi bvuto la mtima la kumtundu. Koma si bvuto lililonse limene limaoneka popima, ndipo anthu ambiri amene mtima wao umaima sakhala pa bwalo la mpira. Amagwa m'nyumba zao, pamaso pa acibale.

Cipatala ca National Heart Hospital ca ku Lusaka ndi zipatala zina zazikulu zimathandiza okhawo amene afika ali moyo. Mphindi zoyamba zili m'manja mwa mlonda wa pa geti, mphunzitsi wa masewera, kondakitala wa basi kapena mwana wa m'nyumba. Mabungwe a Zambia Red Cross Society ndi St John Zambia amaphunzitsa cithandizo coyamba, ndipo migodi ya m'dziko lino ili ndi mwambo wakale wa maphunziro ndi mipikisano ya nchito imeneyi.

Sukulu, chalichi, kampani kapena timu imene ikuganiza zogula AED iyenera kuika pa bajeti yomweyo cidole, makina ophunzirira ndi nthawi yoyeseza. Kumene AED kulibe, cidole cokha cikhoza kuphunzitsa anthu kukanikiza pacifuwa, kumene kumasunga ubongo kufikira thandizo litapezeka. Pa 16 October caka ciliconse maiko ambiri amakumbukira tsiku lochedwa World Restart a Heart Day, pamene anthu wamba amasonkhana kuti agwade pambali pa zidole ndi kuyeseza. Amene sanagwirepo cidole cotere angafunse ku nthambi ya mabungwe amenewa imene ili pafupi nao za tsiku la maphunziro otsatira.